Njinga Nambala 7 Imaima pa Bala

Pretoria, 29 Januwale 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mawondo anuwo. Ine kuno ndili bwino, kungotentha basi. Achemwali a Jenet ndi alamu a Walusungu ali bwanji ku Lupaso? Chiyembekezo wayamba kukwawa? Munditumizireko chithunzi chooneka nkhope ya mwana, osati cha malata ngati chija.

Ndapeza ganyu yokhudza kwathu komweko. Pali bungwe lina mu Mzuzu limene limaperekera odwala mankhwala otalikitsa moyo m'makomo mwawo. Lili ndi njinga zamoto khumi ndi ziwiri, ndipo iliyonse anaimangirira kachipangizo konena pamene njingayo ili, kawiri pa mphindi iliyonse. Kwa ine zimafika ngati timadontho pa mapu, zikwizikwi, popanda dzina la woyendetsa, nambala ya njinga yokha. Dontho palokha silinena kanthu. Ntchito yanga ndi kulipatsa tanthauzo. Ndaphunzitsa kompyuta kuti njinga ikaima izifufuza chimene chili pafupi, kaya ndi chipatala, msika, tchalitchi kapena nyumba ya wodwala, n'kulemba dzina pa donthopo.

Ndiye ndagwira munthu. Njinga Nambala 7 Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse imaima mphindi makumi asanu pa bala yotchedwa Tafikapo ku Chiputula, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo pakhomo pa odwala ake a kumeneko siifika n'komwe. Masiku ena imayenda liwiro la munthu wapansi, ngati akuikankha, zimene kompyuta ikuti mafuta anagulitsidwa. Lipoti langa likufunika pa 29 Febuluwale, ndipo amene akhale kumapeto kwa mndandanda amuchotsa ntchito.

Pempho langa ndi ili. Mapu amene ndili nawo ndi akale. Kodi bala imeneyo ikadalipo? Inu munaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu, mukandionereko. Koma nkhaniyi ikhale yanu yokha.

Mwana wanu,
Luso

Chibanja, 4 Febuluwale 2024

Luso mwana wanga,

Moni wochokera ku Chibanja, kumene mvula inayamba Lolemba ndipo sinatiuze tsiku lomaliza. Mawondo alandira moni wako, koma akuti moni si mankhwala opaka.

Ndanyadira kumva kuti patatha mayunivesite awiri wafika pa udindo umene amayi a pa mjigo pano anaufika opanda satifiketi: kudziwa amene waima pati, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amadziwanso chifukwa chake, ngakhale chikhale chabodza.

Ndiyambe ndi kukankha njinga. Unachoka kuno zaka ziwiri zokha zapitazo, ndiye waiwala kale masamba pamsewu? Pakakhala maliro amaika nthambi uku ndi uku, ndipo munthu woleredwa bwino amazimitsa injini, n'kuvula chipewa, n'kukankha mpaka adutse nthambi zachiwiri. Yang'ana pa 16 Januwale, msewu wa ku Lupaso. Tinali kuika mayi a Gondwe a kwaya. Masiku otsalawo uyang'ane mvula. Matope a ku Chiputula safunsa ngati uli ndi mafuta.

Tsopano bala. Ilipo, ndipo yanenepa. Lachisanu ndinavala jekete langa la pa maliro n'kukakhala pakhonde pake ndi Fanta, mkulu wa mpingo wathunthu, anthu akundipatsa moni wautali dala kuti aone chili m'botolo. Itakwana 10 koloko inafika njinga yoyera, bokosi lofiira kumbuyo, nambala 7 pa thanki. Woyendetsa anavula chipewa chake, ine n'kuona nkhope.

Ukanamafunsa za ntchito za abale ako monga umafunsira zithunzi za mwana, bwenzi ukudziwa kuti alamu ako anasiya ya ku hadiweya chaka chatha mu Malichi. Nambala 7 wako ndi a Walusungu Mhango, mkamwini wanga, bambo ake a Chiyembekezo.

Sanandione, chifukwa ndinabisala kuseri kwa nyuzipepala ngati wapolisi wa m'kanema. M'bala sanalowe. Anapatsa moni mwini wake, a Sekani, n'kuvula chijekete chonyezimira cha bungwe, n'kuchitsekera m'bokosi. Anatulutsa tizinthu n'kuika m'jumbo yakuda, ya mtundu wogulira usipa, n'kulowera kanjira ka kuseri. Ndinafuna kulondola koma mawondo anakana kusaina. Anabwerera patatha mphindi makumi asanu ndi ziwiri, jumbo ili yopanda kanthu.

Jenet sindinamuuze. Ine ndaona zimene ndaona, koma sindikudziwa chimene ndaona.

Bambo ako,
P. Chikopa

Pretoria, 7 Febuluwale 2024

Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga katatu.

Za kukankha munalondola. Mwa masiku asanu amene njinga inayenda liwiro la wapansi, atatu ndi a maliro (limodzi munandipatsa inu, awiriwo ndawapeza pa zilengezo za mpingo) ndipo awiri otsalawo kunagwa mvula yoposa mamilimita makumi anayi. Ndawonjezera mvula mu kompyuta. Maliro sindikudziwa kuti ndiwalowetsa bwanji, poti palibe amene amasunga mndandanda wa nthambi za pamsewu. Chondichititsa manyazi n'chakuti njinga zitatu zimene kompyuta inazipatsa mamalikisi apamwamba pa 16 Januwale ndi zimene zinadutsa pa maliro a mayi a Gondwe pa liwiro la 40.

Koma bala ikadali pomwepo. Lamulo la bungwe ndi lakuti njinga izifika pakhomo pa wodwala, kuti dontho likhale umboni kuti mankhwala afika. Alamu safika. Sindingasinthe manambala chifukwa choti ndi alamu anga, Bambo, inu nomwe munandikwapulira kubera mayeso a Sitandade 6. Mukawafunse bwinobwino kumene amapita ndi jumboyo. Kwatsala masabata atatu.

Luso

Chibanja, 13 Febuluwale 2024

Iwe Luso,

Moni sindikupatsa, ukamutenge kwa kompyuta yakoyo.

Udabwa kuti ndikulembera kuchokera ku Chibanja. Ndili kwa Bambo ndi mwana, lero tsiku lachinayi. Ukudziwa iwo amalemba pa pepala, n'kujambula ndi foni, n'kukutumizira. Ndiye Loweruka anandipatsa foni kuti ndiwachotsere zithunzi zodzadza. Chinsinsi chanu chonse chinali pakati pa chithunzi cha mbuzi ndi cha lisiti la magetsi. Ndawerenga zonse.

Ndiye mwamuna wanga amavula yunifolomu pa bala n'kulowera kuseri ndi jumbo, kawiri pa sabata, ndipo mng'ono wanga ali ku Joni akudziwa, bambo anga akudziwa, ine wochapa chijeketecho ndi amene ndili mu mdima. Nditamufunsa anangoti, "Ni ntchito, mama." Ndinati ntchito yanji yovula zovala? Akuti, "Ningayowoya yayi." Sanganene! Ndinati tchula nyumba imodzi yokha. Anangoweramitsa mutu n'kumasewera ndi phazi la mwana. Munthu amene mowa sanaulawepo, amene amaimba besi mu kwaya, lero akuluakulu a mpingo amuitana kawiri chifukwa njinga yake ikuoneka pa Tafikapo. Ine ndimamuikira kumbuyo, kumati anthu ndi ansanje. Kani ndimaikira kumbuyo mkazi mnzanga.

Ndiye tamvera. Timadontho takoto unditumizire tonse. Ndikufuna kuona paliponse pamene anaima kuyambira Malichi, tsiku ndi ola. Usandiuze za malamulo a ntchito. Ndinakubereka kumsana iwe, unandikodzera kangati?

Jenet

Pretoria, 14 Febuluwale 2024

Achemwali,

Pepani kuti mwazimva mwanjira imeneyi. Timadontho sindingatumize. Muli makomo a anthu odwala a madera onse, si anga oti ndigawe. Komanso ngakhale ndikanatumiza, simukanapezamo chimene mukufuna. Kachipangizo kali pa njinga, sikali pa alamu. Njinga ikaima, ine ndimakhala wakhungu ngati inu nomwe. Sabata ziwiri zapitazo ndinali wotsimikiza kuti munthu ameneyu amagulitsa mafuta, pamene iye amalemekeza maliro. Ndaphunzirapo kudikira. Dikirani nane pang'ono.

Mumpsompsonereko Chiyembekezo.

Mng'ono wanu,
Luso

Chibanja, 21 Febuluwale 2024

Luso,

Ndachedwa kuyankha chifukwa m'nyumba muno muli boma latsopano. Mkulu wako walanda khitchini, wailesi ndi foni. Kalata ino andijambulira a Maulidi a pa golosale, amene alumbira kuti maso awo saona zolemba zamanja.

Dzulo ndinabwerera ku Tafikapo, ulendo uno wopanda nyuzipepala. A Walusungu atandiona anagwada pafupifupi m'matope.

"Monire adada. Mwafika kuno?"

Ndinati, "Ndafika. Khalani apa. Ntchito yanu yatsala ndi masiku asanu ndi anayi, banja lanu mwina ochepera. Jumbo imapita kuti?"

Analoza njinga yake. Kenako anati, "Adada, taionani njingayo."

Ndinaiona. Yoyera ngati mkanjo wa abusa, bokosi lofiira, dzina la bungwe m'malembo oti ngakhale ine ndawerenga opanda magalasi, ndi kariboni kofiira kojambulidwa mbali zonse ziwiri kuopa kuti wina angakayike.

Anati, "Mwezi wanga woyamba ndinkafika pakhomo, monga mwa lamulo. Kunali mayi wina wogulitsa mandasi. Ndinaima pakhomo pake kawiri basi. Sabata yachitatu mandasi ake anabwerera onse m'beseni. Ya chinayi apongozi ake anabwera kudzatenga ana. Atamva ena, anayi anasiya kunditsegulira. Ndimagogoda, wailesi ikulira m'kati, koma akuti kulibe munthu. Mmodzi mwa anayiwo tinamuika mu Juni."

Ndinafunsa ngati anawauza mabwana. Akuti anawauza a Timothy, oyang'anira njinga, ndipo anayankhidwa kuti lamulo linachokera kwa opereka thandizo, ndipo opereka thandizo amafuna dontho pakhomo.

"Ndiye ndinaganiza, adada, kodi ndi pati pamene njinga ya mwamuna ingaime ola lathunthu anthu osafunsa kuti akudwala ndani? Pa tchalitchi afunsa. Pa chigayo afunsa. Pa bala yankho amakhala nalo kale."

Ndinati, "Ndiye mwasankha kutchedwa chidakwa."

"Chidakwa amangochiseka, adada. Mandasi ake amagula."

Amayenda wapansi nyumba zisanu ndi ziwiri, jumbo m'manja ngati munthu wobwera ku msika. Kwina amalowa ngati wodzafunsa nkhuku yogula, kwina ngati wa kwaya. Atatu mwa anthuwo ku ofesi analembetsa nyumba zabodza chifukwa cha mantha, ndipo khomo lenileni amalidziwa ndi iye yekha.

Apa ndinayesa nzeru zanga za ku yunivesite. Ndinati zophweka: mundiyendetse nyumba zisanu ndi ziwirizo ndikhale mboni, kapena mumutumizire Luso malo ake aziike pa mapu, ntchito ipulumuke. Anandiyang'ana mwaulemu, mmene umayang'anira mkulu amene wanena zopusa pa bwalo.

"Yayi, adada. Makomo amenewo anandipatsa ine, sanapatse mapu. Ntchito ikatha ndibwerera ku hadiweya. Iwowo abwerera kuti?"

Ndinati, nanga Jenet? Akuti Jenet ndi mkazi wabwino chomene, koma nkhope yake ndi nyuzipepala. Akangodziwa khomo limodzi, Lamulungu adzapereka moni wachifundo kwambiri kwa munthu mmodzi, ndipo mpingo wonse udzawerenga. Pamenepa sindinathe kutsutsa. Mwanayo ndinabala ndine.

Kenako anayang'ana dzuwa, n'kupepesa kuti wina amamwa mankhwala ake 11 koloko ndipo atsala ndi a lero okha. Ananyamula jumbo n'kupita.

Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti mapu abwino amaonetsa zonse. Dzulo mnyamata wa Fomu 4 wandikonza pa khonde la bala. Makomo sakupatsa, ndipo ine ndaleka kupempha. Ngati sukulu yako ili ndi nzeru ina, itulutse tsopano.

Bambo ako

Pretoria, 1 Malichi 2024

Bambo,

Lipoti ndapereka dzulo. Ndikuuzeni mmene zinayendera.

Nditawerenga kalata yanu ndinazindikira kuti ndakhala ndikufunsa funso la njinga: yafika pati? Funso la bungwe linayenera kukhala la anthu: akumwa mankhwala? Ndinapempha ku ofesi chiwerengero chopanda mayina, chongonena kuti woyendetsa aliyense anayamba ndi odwala angati ndipo angati akulandirabe, malinga ndi kaundula wa ku chipatala. Anadabwa, akuti palibe anafunsapo, koma anatumiza.

Nambala 7 anapatsidwa anthu 63. Kuchokera mu Julayi sanatayepo ndi mmodzi yemwe, ndipo atatu amene anasiya kutsegula chitseko aja anabwerera. Njinga imene kompyuta yanga inaika pa nambala wani, yofika pakhomo penipeni tsiku lililonse osaphonya, yataya munthu mmodzi mwa anayi alionse. Ndinali pafupi kupereka mphotho kwa njinga yothamangitsa odwala ndi kuchotsa ntchito munthu wowasunga. Ndinapezanso kuti Nambala 3 ndi Nambala 11 anayamba mu Okutobala kuima nthawi yaitali, wina pa malo ometera, wina pa bwalo la mpira, ndipo nawonso anasiya kutaya anthu. Zikuoneka kuti alamu ali ndi ophunzira.

Pa msonkhano wa pa kompyuta ndinayamba ndi kuulula kuti Nambala 7 ndi mlamu wanga, ndipo ngati akufuna apatse wina manambalawo awerengenso. A Timothy anati, "Koma lamulo ndi lamulo." Mayi wina wa kwa opereka thandizo anafunsa kuti lamulolo analemba ndani. A Timothy anati ndi iwowo opereka thandizo. Mayiyo anati ku ofesi kwawo amadziwa kuti linachokera ku Mzuzu. Anakangana mphindi khumi kufunafuna mwini lamulo, osamupeza.

Akuti ayankha sabata ya mawa. Sindikudziwa ngati ndawapulumutsa alamu kapena ndangowaneneza bwino. Achemwali muwawerengere kalata ino, kapena ingosiyani foni patebulo.

Luso

Chibanja, 17 Malichi 2024

Luso mwana wanga,

Moni. Mvula yapuma masiku awiri, tikuganiza kuti yadwala.

A Walusungu ntchito ikadalipo. Lamulo la dontho pakhomo lafa, ndipo pa maliro ake sipanapezeke wachibale. Jenet anabwerera ku Lupaso Lachitatu. Sanapepese, iwe ukumudziwa. Anangochapa chijekete chija n'kuchisita mpaka chinatsala pang'ono kusungunuka, kenako anapita yekha kwa akuluakulu a mpingo. Zimene ananena kumeneko sindinamve, koma mlembi wa mpingo akandiona akumawoloka msewu.

Tsopano umve mmene bungwe limathokozera. Atawerenga lipoti lako anakondwa kwambiri. Nzeru ya mkamwini wanga anaipatsa dzina la Chingerezi la mawu asanu, ndipo a Timothy akaifotokoza ku Lilongwe pa msonkhano wa ku hotela monga chinthu chimene ofesi yawo inachilingalira mozama. Zimenezo n'zachizolowezi, sitidandaula. Koma Lachisanu lapitali anafika pa Tafikapo ndi galimoto ziwiri, wojambula zithunzi, ndi chikwangwani chachitsulo chotalika kuposa ine. Ndinaliko, poti a Sekani tsopano amandisungira mpando. Chikwangwanicho chili ndi kariboni kofiira, ndipo chikuti pano ndi malo ovomerezeka oimikapo njinga zoperekera mankhwala mwachinsinsi. Mawu akuti mwachinsinsi anawalemba m'zilankhulo zitatu, kuti aliyense amve.

Anakumba dzenje, anathira simenti, anaomba m'manja. A Sekani anafunsa ngati bungwe lidzawalipire makasitomala amene athawe. Amayi a pa mjigo wa kumeneko anabwera ndi zidebe zopanda madzi kudzawerenga. A Walusungu anaitanidwa kuti aime pakati pa chithunzi. Anaima, anamwetulira, anathokoza aliyense kuti yewo chomene. Galimoto zitangokhota, anandinong'oneza kuti ndiwasiyireko malo pansi pa kalata ino. Ndawasiyira. Zolemba zawo n'zoipa kuposa zanga, upirire.

Bambo ako,
P. Chikopa

Alamu a Luso, monire. Yewo chomene pa zimene mwachita, Chiuta akusungeni. Ine kulemba sindidziwa bwino. Kuyambira Lachiwiri muona Nambala 7 siikuimanso pa Tafikapo. Muona yaima pena, ola limodzi, pamalo pamene mapu anu anena kuti palibe chilichonse. Ndapota nanu, kompyuta ikakufunsani kuti pamenepo ndi pati, muiuze kuti simukudziwa.

W. Mhango